Mbiri ya Kanema ndi Omuonera kwa Kaduya

Pamene atsamunda ankamanga linga la Fort Lister m'chaka cha 1893, pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kanema monga amadziwikira lero adali asadabadwe. Padapita zaka zina ziwiri kuti abale awiri a ku France, Auguste ndi Louis Lumière, aonetse zithunzi zoyenda kwa anthu olipira mumzinda wa Paris pa 28 Disembala 1895. Patangotha miyezi isanu, mu Meyi 1896, zithunzi zotere zidaonetsedwa ku Johannesburg. Kuchokera ku Paris kufika ku Joni udali ulendo wa miyezi, koma kuchokera ku Joni kufika m'midzi ya kwa Kaduya, m'chigwa cha Phalombe, udali ulendo wa mibadwo.

Mabuku ambiri a mbiri ya kanema amakamba za opanga mafilimu ndi akatswiri osewera m'menemo. Kudera ngati la Kaduya, kumene sikudamangidwepo nyumba yaikulu ya kanema yonga za m'mizinda, mbiri yotero ilibe pogwira. Mbiri imene ilipo ndi ya woonera: munthu wokhala pafumbi kapena pabenchi, amene wina adamusankhira choti aone, wina n'kuima pambali kumuuza tanthauzo lake, koma iye n'kubwerera kwawo ali ndi maganizo akeake. Mwa anthu amenewa, amene amaiwalika kawirikawiri ndi woima pambaliyo, womasulira. Komatu iyeyu wakhala alipo kuyambira pachiyambi mpaka lero, kungoti amasintha zovala ndi bwana.

Zithunzi zowala pachinsalu zidafika mu Africa kanema asadayambe. David Livingstone, yemwe adadzafika panyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, ankayenda ndi kabokosi ka nyali koonetsera zithunzi zojambulidwa pagalasi. M'chaka cha 1854 adaonetsa zithunzizi kubwalo la mfumu Shinte ya Alunda. Chithunzi choyamba chidali cha Abrahamu atakweza mpeni kuti aphe Isake. Anthu adamvetsera nkhaniyo mwachidwi, koma posuntha galasi lija mpeni udaoneka ngati ukulunjika kwa iwo, ndipo amayi adabalalika kuthawa. Mfumu idakhalabe pamalo pake mpaka kumapeto, kenaka idayang'anitsitsa kabokosiko kuti ione m'mene kadapangidwira. Nkhaniyi ikamafotokozedwa, chimene chimakumbukika ndi liwiro la amayi aja. Mfumu yofuna kudziwa chinsinsi cha makina imaiwalika. Maganizo akuti munthu wakuda amangodzidzimuka ndi chithunzi popanda kuchimvetsa adakhala m'mitu ya atsamunda kwa zaka zana limodzi.

Ambiri mwa anthu oyamba a ku Nyasaland kuona kanema weniweni sadamuonere kwawo. Msonkho ndi thangata zidathamangitsa amuna ochuluka kupita kumigodi ya ku Joni, ku Halale ndi kumigodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ena paokha, ena kudzera ku Wenela. Cha m'ma 1920 mbusa wina wa ku America, Ray Phillips, adayamba kuonetsa mafilimu m'makomboni a migodi ya golide ku Johannesburg, ndipo eni migodi adamuthandiza ndi ndalama. Cholinga chawo sichidali chobisika. Munthu amene wakhala pansi kuseka Charlie Chaplin sakhala ali kumowa, kundewu kapena kumsonkhano wodandaula za malipiro. Phillips yemweyo adalemba kuti pa nthawi ya chipolowe cha ogwira ntchito achizungu mu 1922 adaziziritsa mitima ya anthu akuda zikwi zingapo pakomboni ina powaonetsa Chaplin. Filimu iliyonse ankayamba waionera yekha ndi kudulamo zimene ankati si zoyenera maso a munthu wakuda.

Chimene ogwira ntchito m'migodi adakonda koposa ndi mafilimu a akauboyi. Ku Luanshya, kumene katswiri wa chikhalidwe cha anthu, mayi Hortense Powdermaker, adachita kafukufuku mu 1953 ndi 1954, ngwazi ya filimu iliyonse ya mtundu umenewu inkatchedwa Jack, kaya dzina lake lenileni lidali lotani. Oonera ankaimirira, kukuwa, kumuchenjeza Jack za mdani wobisala kuseri kwa thanthwe ndi kuponya zibakera m'malere pamodzi naye. Azungu poona zimenezi ankati anthu akuda satha kutsata nkhani, amangofuna ndewu basi. Koma nkhaniyo ikadatsatika bwanji? Mawu adali m'Chingerezi cha ku America, chimkuzamawu sichinkamveka bwino pabwalo lodzaza anthu, ndipo filimuyo idali itadutsa kale palumo la oyang'anira, amene ankachotsa paliponse pamene mzungu ankaoneka wonyozeka kapena pamene mkazi wachizungu ankapsopsonedwa. Munthu wopatsidwa mkanda woduka ulusi amatola imene akuiona nadzitungira yekha. Matchona pobwerera kumudzi adabwera ndi zipewa zazikulu, malamba ndi kayendedwe ka Jack, ndipo nkhani za bayisikopo zidafika pamoto wa madzulo makina ake asadafike.

Ntchito yopanga mafilimu ophunzitsa anthu akumudzi a chigawo chino idayesedwa pakati pa 1935 ndi 1937. Bungwe la amishoni la International Missionary Council, ndi ndalama zochokera ku Carnegie Corporation ya ku New York, lidayambitsa ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Atsogoleri ake adali L. A. Notcutt, yemwe kale ankalima khonje, ndi G. C. Latham, yemwe adakhalapo mkulu wa maphunziro a anthu akuda ku Northern Rhodesia. Iwo adamanga msasa ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika, napanga mafilimu 35. Adakweza makina, injini ndi chinsalu palole nayendera Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda. Popeza mafilimuwo adali opanda mawu, mafotokozedwe ankajambulidwa pambale za galamafoni m'zinenero zosiyanasiyana, kuphatikizapo Chinyanja ndi Chitumbuka. Womasulira mafilimu amenewa m'Chinyanja, tero, adali mbale yozungulira imene sinkatha kufunsidwa funso.

Imodzi mwa mafilimuwo, Post Office Savings Bank, imaonetsa bwino nzeru za opangawo. Amuna awiri alandira malipiro. Wina akwirira ndalama zake pansi m'nyumba, mbala n'kuzifukula; mnzake akasungitsa zake ku positi ofesi ndipo zipulumuka. Kalembedwe kameneka, ka Wanzeru ndi Wopusa, kadakhala ngati chikombole choumbira njerwa: nkhani ya ulimi, ya chimbudzi, ya msonkho kapena ya chipatala, zonse zinkatuluka m'chikombole chomwecho. Wanzeru nthawi zonse ndi amene wamvera mlangizi wa boma, Wopusa ndi amene watsata za makolo ake. Mu 1939 boma la Britain lidakhazikitsa Colonial Film Unit mumzinda wa London. Mkulu wake, William Sellers, amene adagwirapo ntchito ya zaumoyo ku Nigeria, adaika malamulo a kajambulidwe ka mafilimu a anthu amene iye ankawayesa osatseguka maso: nkhani iyende pang'onopang'ono, kamera isasunthesunthe, nthawi isadumphidwe, ndipo kanthu kakang'ono ngati udzudzu kasakulitsidwe, poopa kuti oonera anganene kuti kwawo kulibe udzudzu waukulu chotero. Malamulo amenewa ankaikidwa pa nthawi imene abale a anthu omwewo ankatsata Jack pakavalo wothamanga popanda wowaphunzitsa.

Kanema amene okalamba a m'dziko muno amamukumbukira ndi wa Central African Film Unit, yomwe idakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury, motsogozedwa ndi Alan Izod, kuti itumikire Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Pofika 1963 idali itapanga mafilimu oposa 600, monga The Two Farmers, Mulenga Goes to Town ndi Wives of Nendi. Galimoto ya kanema inkafika masana pabwalo la mfumu, pasukulu ya mishoni kapena pamsika. Amithenga ankalengeza m'midzi, ndipo dzuwa likamapendeka anthu ankabwera ndi mphasa, ana kumsana, ena atayenda mitunda ingapo. Chinsalu chinkakwezedwa, injini n'kulira, kuwala n'kung'amba mdima. Kwa mwana amene adali asadaonepo nyali ya magetsi, kuwala kokhako kudali chionetsero chokwanira.

Ambiri mwa mafilimu opangira anthu akumudzi adalibe mawu, kotero kuti pambali pa makina pankaima munthu wakuda ndi chimkuzamawu, kufotokoza nkhani m'chinenero cha pamalopo. Iyeyu ankapatsidwa pepala la zoyenera kunena, koma mzungu woyang'anira, ngati adalipo, kawirikawiri sankamva zonse zimene zinkanenedwa. Womasulira waluso ankatha kuikamo miyambi ndi nthabwala, ndipo akafuna ankatha kupotoza phunziro lonse ndi liwu limodzi. Akuluakulu a ntchitoyi ankadandaula kuti anthu amaseka posayenera kuseka, ndi kuti nthawi zina amakondwera ndi tambwali wa m'nkhani kuposa Wanzeru. Izi si zodabwitsa kwa munthu amene adakulira nthano za Kalulu. M'nthano za kuno wochenjera wozemba malamulo a Njovu ndi Mkango ndiye amaomberedwa m'manja, ndipo womeza chilichonse chimene wauzidwa ndi Fisi. Opanga mafilimu aja sadalabadire zoti anthu amene ankawaphunzitsawo adali kale ndi sukulu yawo ya nthano, yokhala ndi malamulo akeake a yemwe ayenera kusekedwa.

Idafika nthawi imene kuseka kudasanduka mkwiyo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la atsamunda lidakhwimitsa malamulo osamalira nthaka amene anthu adawatcha malimidwe. Mlimi wosakonza mizere ndi migula monga adalamulira alangizi ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende. Ndiye usiku pachinsalu pankaoneka mlimi womwetulira amene walemera ndi mizere yomweyo, m'mawa mwake kapitawo wa malimidwe ali pakhomo. Kumadera a Mulanje ndi Thyolo, kumene nthaka yabwino idali m'manja mwa eni minda ya tiyi, funso la mlimi silidali la kalimidwe koma la polima, ndipo funso limeneli filimu ya boma sikadatha kuliyankha. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, bungwe la mafilimu lija lidalowa m'manja mwa boma la chitaganya niliyamba kutamanda boma limene anthu a ku Nyasaland adalikana kuyambira pachiyambi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 magalimoto a kanema adayamba kukumana ndi chidani m'madera ambiri a Nyasaland ndi Northern Rhodesia: kwina anthu ankanyanyala, kwina ankasokoneza chionetsero mpaka galimoto kubwerera. Woonera amene ankayesedwa wosatha kutsata nkhani adaonetsa kuti mwini wa nkhaniyo ankamudziwa bwino lomwe. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo bungwe lija lidathera limodzi nacho.

Ufulu wa 1964 udasintha nkhope za pachinsalu, koma chinsalucho chidakhalabe cha boma. Magalimoto a nthambi yofalitsa nkhani ndi a unduna wa zamalimidwe adapitiriza kuyendera midzi, tsopano akuonetsa Dr. H. Kamuzu Banda akuyendera mbewu m'minda, amayi akuvina, ndi achikumbe akukolola chimanga chamakono. M'chaka cha 1968 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo loyang'anira mabuku ndi zisangalalo, ndipo bungwe lobadwa ndi lamulolo lidaletsa mabuku mazanamazana ndi kudula mafilimu asadaonetsedwe. Nyumba za kanema, monga Apollo ku Blantyre, zidali za anthu a m'tauni okhala ndi ya tikiti. Wailesi ya kanema kudalibe. Pamene maiko a Zambia ndi Zimbabwe adali nayo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Malawi adadikira mpaka Epulo 1999 pamene Television Malawi idayamba kuulutsa. N'chifukwa chake napolo atagumula phiri la Michesi pa 10 Malichi 1991, n'kukokolola midzi ndi kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, Amalawi ambiri adangomva pawailesi ya MBC ndi kuona zithunzi zochepa m'nyuzipepala.

Chimene chidathyola mpanda umenewu ndi kaseti ya vidiyo. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, makamaka ulamuliro wa zipani zambiri utafika mu 1994, m'misika ya kumidzi yonga Migowi mudabuka tinyumba ta vidiyo. Zofunika zidali zochepa: chipinda chotchingidwa bwino kuti dzuwa lisalowe, mabenchi a matabwa, wailesi ya kanema, makina a kaseti, ndi jenereta kapena batire ya galimoto. Panja pankaikidwa chimkuzamawu kuti kulira kwa mfuti kuitane odutsa, ndi bolodi lolembedwa ndi choko maina a mafilimu a tsikulo. Apa munthu wakumudzi adayamba kusankha yekha choonera, ndipo ankasankha ndi matambala ake. Mwini vidiyo akaika filimu yosakoma, mawa lake mabenchi ankakhala pululu.

Nanga adasankha chiyani? Adzukulu a okonda Jack adasankha Bruce Lee wa mu Enter the Dragon ya 1973, Sylvester Stallone wa m'mafilimu a Rambo, Arnold Schwarzenegger wa mu Commando ya 1985, Chuck Norris ndi Jean-Claude Van Damme. Monga kale, wosewera sankasiyanitsidwa ndi munthu wa m'nkhani: Rambo adali Rambo m'filimu iliyonse. M'kanyumba kalikonse munkapezeka mnyamata amene adaonera filimuyo kasanu, wodziwa Chingerezi cha Sitandade 8, amene ankauza anzake chimene chanenedwa ndi chimene chikubwera, ena n'kumamuyamikira, ena n'kumamuletsa kuti akuthetsa kukoma. Makolo ndi aphunzitsi ankadandaula kuti vidiyo ikuononga ana, ndipo dandaulo limeneli lidali ndi mbali yoona: ana ena ankathawa m'kalasi, ena ankatapa nandolo wa makolo awo kuti apeze yolowera, ndipo usiku m'tinyumba tina munkaonetsedwa zolaula. Koma kunena kuti woonera ankangofuna magazi n'kubwereza bodza la atsamunda. M'nkhani zambiri za mtundu umenewu muli munthu mmodzi wolakwiridwa, amene akuluakulu amumana chilungamo, ndipo iye akuchitenga ndi manja ake. Anthu amene adakhala zaka 30 akucheuka kaye asadayankhule sadasowe wowauza tanthauzo la nkhani yotero.

Mafilimu a mu Africa momwe muno atafika, pamabenchi padayamba kuoneka amayi ndi akuluakulu. Neria, filimu ya ku Zimbabwe ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, yotsogoleredwa ndi Godwin Mawuru pa nkhani yolembedwa ndi Tsitsi Dangarembga, imakamba za mayi amene mwamuna wake wafa pangozi ya pamsewu, mlamu wake n'kulanda katundu, ndalama, nyumba ndi ana omwe, mpaka mayiyo apita kukhoti. Mulibe mfuti, koma woonera amatha kudzudzula mlamu uja mokweza ngati akumumva. Kwa Kaduya, kumene Alomwe amatsata chikamwini ndipo munda ndi ana ndi za kuchikazi, nkhaniyi imamveka mosiyana pang'ono ndi m'mene imamvekera kwa Ashona olowola. Kuno mayi wamasiye sachotsedwa pamudzi pa makolo ake, koma njinga, wailesi, malata ndi mbuzi zimatha kunyamulidwa ndi abale a mwamuna misozi isadaume. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limati kulanda katundu wotere ndi mlandu. Neria adali atakambitsa anthu nkhaniyi zaka zambiri lamulolo lisadalembedwe. Filimuyi nayonso idapangidwa kuti iphunzitse, ndi thandizo la mabungwe akunja, koma idasiyana ndi za atsamunda pa chinthu chimodzi chachikulu: agogo a m'nkhaniyo, mayi wa malemu, si Wopusa. Ndi munthu woganiza, amene mwambo akuudziwa kuposa mwana wake wadyerayo, ndipo pamapeto ndiye amamuuza kuti akuupotoza. Pambuyo pake padafika mafilimu a ku Nigeria, amene msika wake udatsegulidwa ndi Living in Bondage mu 1992, odzaza ndi ufiti, azibusa, mitala ndi chuma cha magazi. Amenewa sadafune mlangizi wowalengeza.

Kompyuta zitatsika mtengo, womasulira adachoka pambali pa chinsalu nalowa m'filimu mwenimwenimo. Anyamata a m'matauni, otchedwa ma DJ, adayamba kujambulira mawu a Chichewa pamwamba pa mafilimu a ku China, India, Korea ndi America. Munthu mmodzi amayankhulira ngwazi, mdani, mkazi ndi mwana, amasandutsa mizinda yakutali kukhala Ndirande kapena Limbe, ndipo pakati pa ndewu amatha kupereka moni kwa anzake. Luso limeneli si la ku Malawi kokha: ku Uganda ndi ku Tanzania lidakhazikika kale, ndipo ku Japan, m'nthawi ya mafilimu opanda mawu, ofotokoza otchedwa benshi ankatchuka kuposa osewera ena. Omasulira ena a kuno ndi osasamala, amapeka zimene sadamve ndi kuthira nthabwala zosayenera pamaso pa ana. Komabe ntchito imene boma la atsamunda ndi la ufulu sadaiganize, yoyankhulitsa Chichewa mafilimu a dziko lonse, aichita ndi anyamata okhala m'tizipinda ta lendi. Ili ndi bala lake: mafilimuwo amajambulidwa popanda chilolezo cha eni ake, ndipo njira yomweyo ya makhadi ndi mafoni imadya thukuta la opanga a m'dziko muno, ngakhale pali bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992, ndi lamulo latsopano la umwini wa zaluso la 2016.

Mafilimu a Amalawi eni ake adachedwa. Zipangizo zidali zodula, ndipo pansi pa lumo la 1968 nkhani yoona idali yoopsa kuijambula, kotero kuti luso lidathawira m'zisudzo za pawailesi monga Kapalepale ndi za pasiteji monga za Du Chisiza Jr. Makamera amakono atafika, Charles Shemu Joyah, katswiri woyeza malo, adatulutsa Seasons of a Life mu 2008, nkhani ya mtsikana wantchito wopatsidwa mimba ndi bwana wake, amene pambuyo pake aphunzira zamalamulo nabwera kudzamenyera mwana wake. Idatsatira The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idapata mphotho ku Lagos mu 2016 monga yopambana m'chigawo cha kumwera kwa Africa, ndipo The Road to Sunrise idapata mphotho yomweyo mu 2018. Ndi mafilimu ojambulidwa mwaluso, okamba zinthu zimene Mmalawi aliyense amazidziwa. Chodandaulitsa n'chakuti adafika msanga ku Lagos kusiyana ndi pabolodi la choko la kumsika wakumudzi, mwina chifukwa mwa ena a iwo Chingerezi chimamveka kwambiri kuposa Chichewa, mwinanso chifukwa wopanga amaopa kuti akatulutsa chimbale chimodzi, mawa lake chikhala chili paliponse iye osaonapo kanthu.

Mu Malichi 2019 kampani ya Netflix idatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene adasiya sukulu posowa fizi napanga makina a magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola. Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain koma wa makolo a ku Nigeria, adailemba, kuitsogolera ndi kusewera ngati bambo a William. Idajambulidwa ku Kasungu komweko, ndipo zokambirana zambiri zili m'Chichewa. Apa zinthu zidatembenuka: tsopano wofuna womasulira adali mzungu, amene ankawerenga Chingerezi pansi pa chithunzi. Koma Amalawi ambiri adayamba ndi kuseka. Wosewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Wosewera ngati mayi wake, Aïssa Maïga, adabadwira ku Senegal. Ndipo Chichewa chawo chimakwera potsika ndi kutsika pokwera. Lily Banda, Mmalawi wosewera ngati mlongo wake wa William, akatsegula pakamwa khutu limapuma. Ena adafunsa ngati m'Malawi mudalibe osewera. Ena adati mlendo amene wavutikira kuphunzira moni sayenera kusekedwa pakhomo.

Kusekako kumatha njala ya 2001 ndi 2002 ikafika pachinsalu. Mzere wolimbirana chimanga cha boma, banja losankha kuti lidzidya kamodzi patsiku, galu wofa ndi njala, mfumu yomenyedwa chifukwa chonena zoona pamsonkhano wa pulezidenti: wamkulu aliyense wa ku Phalombe amene adaona chaka chimenecho safunsa ngati n'zopeka. Woonera watcheru amaonanso zinthu ziwiri. Choyamba, filimuyo idakonza mbiri kuti ikome. Pachinsalu makina a William amapopa madzi napulumutsa mudzi ku njala, pamene makina ake enieni oyamba ankangoyatsa mababu ndi kuliza wailesi kunyumba kwawo. Zopopa madzi zidabwera patapita zaka, iye atatchuka ndi kupeza omuthandiza. Chachiwiri, chikombole chakale chija chimaoneka chapatali: mwana wodalira buku lochokera ku America mbali ino, bambo wokakamira khasu mbali inayo. Koma bambo ameneyu si Wopusa wa atsamunda. Akukana kupereka njinga kuti idulidwe chifukwa ndi chuma chokhacho chimene chatsala pakhomo, ndipo filimuyo imaloza chala ochita malonda odula mitengo ndi boma lokana kuti kuli njala, zimene galimoto ya kanema ya boma sikadayerekeza kuonetsa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse m'dziko muno zinkaunikira ndi magetsi, kotero kuti filimu yokamba za magetsi imeneyi ambiri akumudzi amaionera pafoni yotchajidwa ndi sola kapena m'kanyumba ka jenereta.

Foni yomweyo ili ndi kamera. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, n'kusiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'dziko muno, matope ndi miyala zidatsikanso m'mapiri kukwirira midzi ya ku Phalombe, makamaka kwa Nkhulambe. Ulendo uno zithunzi zoyamba sizidachokere kwa mtolankhani wa boma. Zidajambulidwa ndi eni dera, ataima pachulu kapena pamlatho woduka, ndipo mawu omveka m'menemo ndi awo omwe, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, opanda pepala la zoyenera kunena. Zidayenda pa WhatsApp ndi Facebook mpaka kwa abale a ku Joni magalimoto a chithandizo asadapeze podutsa.

Zithunzi zoyenda sizikhalitsa zokha. Mwa mafilimu 35 a Notcutt ndi Latham adapulumuka ndi atatu okha, ndipo amasungidwa ku London. Ambiri a Central African Film Unit, momwe muli nkhope, minda ndi misika ya ku Nyasaland ya m'zaka za m'ma 1950, ali kunyumba yosungira zakale ya ku Harare, kutali ndi adzukulu a anthu ojambulidwawo. Makaseti a m'ma 1990 adadyedwa ndi chinyontho ndi fumbi. Zithunzi zambiri za Freddy zili m'timakhadi ta m'mafoni a anthu wamba, ndipo khadi likadzaza mwini wake amafufuta zakale kuti alowetse filimu yatsopano ya DJ.